Bere latupa, apongozi akuti mkaka wawola, ndithandizeni amayi anzanga

Make Tadala: Amayi anzanga pepani ndikulemba usiku chonchi koma zandivuta. Mwana wanga ali ndi masabata atatu, ndinachira bwinobwino popanda opaleshoni, koma kuyambira dzulo bere lakumanzere latupa cha kukhwapaku, pafiira komanso pakutentha olo malaya kungokhudza ndikumva kuwawa. Thupi lonse likuphwanya ndikunjenjemera mu bulangete. Ndawaimbira apongozi ku Mangochi akuti ndisamuyamwitsenso bere limenelo mkaka wawola umutsegula mmimba mwana, nde kuyambira mmawa akuyamwa lakumanja lokha koma linali likungokulirakulira. Ndili ku Turffontein kuno ku Joni, bambo ake ali pa shifiti ya usiku

Nachisale: Eeee asisi pepani. Koma kusiya kuyamwitsako ayi, ine zinandichitikirapo pa mwana wachiwiri. A Nambewe muli maso? bwerani kuno

Make Prince: si malungo amenewo?

Nambewe: Ndili maso, agogo omwe ndimawasamalira kuno ku Randburg sagona msanga. Make Tadala pepani kwambiri. Ine kumudzi ndinagwira ntchito ya uzamba nde zimenezi ndaziona kambirimbiri, dzina lake mastitis. Mkaka ukapanda kutuluka bwino mbali ina ya bere pamatupa, kenako thupi lonse limatentha ndi kuphwanya. Mkakawo sunawole ayi, mkaka suwola uli mu bere, ndipo mwana sangatsegule nawo mmimba. Chomwe chikukulitsa vutolo ndi kusiyako. Muyamwitseni pompano, ngati kukuwawa kwambiri yambani ndi labwinolo mukamva kuti mkaka wayamba kutsika mumusinthire ku lotupalo. Akamaliza ikanipo kansalu konyowetsa madzi ozizira mphindi 10. Chonde osakanda ndi mphamvu pa chotupacho ati kuti chisungunuke, mungowonjezera kutupa. Bra yothina vulani. Panado ndi Brufen woyamwitsa amamwa palibe vuto, pokhapokha ngati muli ndi zilonda za mmimba kapena asima Brufen musiyeni. Koma poti zayamba dzulo ndipo mukunjenjemera maola 24 akwana kale, mawa mmamawa ku kiliniki basi mwina mufunika ma antibayotiki. Zikachedwa mumapangika mafinya mkati mpaka kukachita kuboola

Nambewe: Make Prince Joni kulibe malungo ngati kwathu, pokhapokha ngati munthu wabwera kumene kuchokera kumudzi kapena mbali za Limpopo ndi Mpumalanga zakumalire uko. Make Tadala ngati munayendako chaka chino muwauze anesi akuyezeni

Make Tadala: Sindinayendeko. Ndamuika wayamwa, misozi mbwee koma wayamwa ndithu. Vuto ndi ku kiliniki konko, pasipoti yanga masiku anatha ndipo ulendo wina ndili ndi mimba ndinapeza anthu ataima pageti osavala yunifomu akufunsa ma ID, ndinabwerera panjira

Nangozo: Zimenezo zinandichitikiranso ine, amangomva kuti Chizulu chako chikupendama basi akuti choka pa mzere. Zimapweteka

Admin Nabanda: Amayi mverani ndipo musunge uthengawu mu foni. Mu April 2023 khoti lalikulu la konkuno ku Johannesburg linagamula pa mlandu omwe anakasuma a bungwe lomenyera ufulu la SECTION27 kuti mayi aliyense wapakati, mayi woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka 6 athandizidwe ULERE mu zipatala zonse za boma, kaya ndi wa dziko liti kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Munthu woima pageti si nesi si polisi. Sindikunena kuti mukangowauza zimenezi aseka nkukutsegulirani, ayi, ena ndi ankhanza, koma musapite nokha, nyamulani kabuku ka mwana ka Road to Health kaja ndi khadi lomwe munkayendera sikelo ya mimba, mulawirire. Zikakanika pa kiliniki South Rand Hospital ili pa Rosettenville pompo simutalikira

Nachisale: Ine mawa ndili ofu ndikhala ku La Rochelle, ndikuperekezani asisi. Ndilembereni ku inibokosi

Agogo Naphiri: Ana inu mwadzuka bwanji, ndaona mauthenga mmawa uno. Ine sindikutsutsa a nesi koma musamawanyoze apongozi, iwo akulankhula zomwe anakula nazo. Ife kwathu ku Dedza bere likatupa timathowa ndi madzi otentha ndipo tinalera ana asanu ndi awiri. Chomwe chikukuvutani kuno ndi choti mulibe chikuta. Kwathu mzimayi akachira samagwira mthiko mpaka mchombo wa mwana utagwa, amake kapena azakhali ndi omwe amaphika, kutunga madzi, kuchapa matewera, iye ntchito yake kuyamwitsa ndi kugona basi, phala la nsinjiro mmawa thobwa masana. Kuno mwana wabadwa lero mawa akutulutsani, mkucha muli pa sinki mukuchapa ma ovolosi a bambo. Nde bere lilekerenji kutupa

Nambewe: Agogo apo mwalasa. Kutopa ndi kudumphitsa nthawi yoyamwitsa ndi zomwe zimayambitsa kwambiri. Za madzi ofunda sindikana, pang'ono chabe asanayamwitse kuti mkaka utsike, koma kuthowa ndi otentha nthawi yaitali kumawonjezera kutupa, ozizira ndi omwe amaphwetsa

Make Prince: thobwa lake tilipeze kuti kuno kkkk ife timangomwa mageu a mu shopu

Agogo Naphiri: Chimera chimabwera ndi ma transipota pa Park Station, ulesi basi

Make Favour: Poti nkhani yayambika nane ndifunse. Wanga ali ndi masiku 10 koma ndikuona ngati mkaka sukukwana, amayamwa pafupipafupi makamaka madzulo kuyambira 6 mpaka 10 samachoka pa bere akangochoka kulira. Mayi wa Chizulu yemwe tayandikana naye chipinda wandipatsa kabotolo ka muthi wenyoni ndi gripe water akuti ana onse kuno amamwa, komanso akuti ndigule mkaka wa mchitini wa Nan ndiziwonjezera. Bambo akenso ayamba kundinena kuti mwana ndikumupha ndi njala

Nambewe: Make Favour musayang'ane kulira, yang'anani thewera. Kuyambira tsiku la 5 mwana yemwe akukhuta amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wake oyera osati wachikasu kwambiri, chimbudzi chasintha kuchoka chakuda chija kukhala chachikasu. Ngati zili choncho mkaka ulipo. Wakhanda amayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku ndipo zomangirira pa bere madzulozo ndi khalidwe lawo, ndi mmene amaitanira mkaka wa mawa. Bere limapanga malinga ndi mmene latulutsira, mukayamba botolo iye ayamwa pang'ono, mkaka uchepa zenizeni, muwonjezera botolo, mwezi usanathe mwalowa mu bajeti ya chitini sabata iliyonse pamwamba pa lendi. Sikelo imatsikako masiku oyamba, olo kufika 10 pelesenti, koma pofika masabata awiri abwerere pomwe anabadwira. Nde pitani akamukweze sikelo muone ndi maso anu. Tiwoneninso kayamwidwe, kamwa ayasamule kwambiri alowetse ndi chakuda chozungulira nsonga chija, chibwano chigunde bere, muzimva akumeza. Ngati nsonga zikung'ambika ndiye kuti akuyamwa nsonga yokha. Zamubotolozo mubwezereni mwini wake mwaulemu, miyezi 6 yoyamba bere lokha, olo madzi ayi, kupatula mankhwala omwe akupatsani ku chipatala

Make Favour: Matewera nde amanyowetsa mpaka pampasi ikutithera

Nangozo: basitu mwana akukhuta ameneyo, awonetseni bambo akewo bini ya matewera kkkk

Agogo Naphiri: Koma za liwombo musaiwale. Ana a kuno akukula opanda mankhwala a paliwombo nchifukwa chake amadwaladwala

Nambewe: Agogo apa pokha tisiyana. Liwombo mwana aliyense amabadwa nalo ndipo limatseka lokha, ambiri pofika chaka ndi theka. Kugunda kuja ndi magazi akuyenda si matenda. Likalowa mkati ndiye kuti mwana watha madzi mthupi, kawirikawiri chifukwa chotsegula mmimba kapena kusanza, ndipo likatukumuka mwana ali phee osalira komanso thupi latentha amenewo akhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Zonse ziwiri nza ku chipatala tsiku lomwelo. Ine ndaonapo ana akubwera mochedwa mutu uli phaa zopakapaka pomwe chimafunika ndi diripi. Pamchombonso chimodzimodzi, osaika phulusa kapena mafuta, tsukani ndi sipiliti yomwe amanena ku kiliniki ija pakhale pouma

Agogo Naphiri: Inu a sukulu mumadziwa zonse

Nambewe: Sitidziwa zonse agogo, thobwa lanu lija sindinalikane

Make Tadala: Tabwerako amayi. A Nachisale Mulungu akudalitseni. Pageti panalibe aliyense lero, andipatsa ma kapisozi akuti ndimalize onse ndipitirize kuyamwitsa mabere onse, pakapita masiku awiri osasintha ndibwererenso. Koma pali ina, madamu anditumizira uthenga akuti mwana akakwana mwezi ndiyambe ntchito apo ayi apeza wina. Ndimagwira ku Glenvista masiku asanu pa sabata, ndimanyamuka 6 kubwera cha mma 6 madzulo. Mwana ndimusiya bwanji ameneyu

Admin Nabanda: Lamulo la ntchito la kuno limapereka miyezi 4 ya tchuthi cha uchembere ndipo antchito a mnyumba ali momwemo. Komanso limaletsa kugwira ntchito masabata 6 oyamba mutachira pokhapokha dokotala kapena mzamba atalemba kuti muli bwino. Kungoti bwana sakakamizidwa kukulipirani miyezi imeneyo, ndalama zimachokera ku UIF, thumba la boma la inshuwalansi ya antchito, ngati anakulembetsani. Kwathu ndi masabata 8 koma olipidwa. Mukabwerera pa ntchito pali ndondomeko yoti akupatseni mphindi 30 kawiri pa tsiku zoyamwitsa kapena kufinya mkaka mpaka mwana atakwana miyezi 6

Nangozo: A admin zonsezo nzoona koma ndi za anthu a mapepala. Ife a ganyu ya pakamwa ukangotchula lamulo mawa upeza geti yasinthidwa rimoti. UIF yake iti? Tiuzane zenizeni, pa gulu pano ndani anakhalapo miyezi 4 pakhomo lendi ikulipidwa, kumudzi akudikira Mukuru

Make Prince: palibe

Admin Nabanda: Sindikukana a Nangozo koma ena amaopseza chifukwa akudziwa kuti sitidziwa. Olo ku CCMA, komwe amaweruza mikangano ya pantchito, anthu opanda mapepala amakadandaula ndipo amamvedwa

Nachisale: Ine zomwe ndinapanga ndi izi, ndinapeza mtsikana wa kwathu ku Nkhata Bay kuti andigwirire malo miyezi iwiri, ndinapita naye ndekha kwa madamu kukamuonetsa, malipiro amalandira iye koma malo anali anga. Madamu chomwe amafuna nyumba ikhale yoyera basi. Kungoti musankhe munthu wamantha ndi Mulungu, ena amakhazikika pompo

Nangozo: amakhazikikadi ine ndinataya ntchito ku Fourways choncho, mwana wa mpingo wathu womwe mxii

Make Tadala: Nde ndikadzayamba mkaka ndizipanga bwanji, pampu ndilibe

Nambewe: Pampu si yofunika, manja amakwana ndipo ena amatulutsa bwino ndi manja kuposa pampu. Sambani mmanja, chala chachikulu pamwamba cholozera pansi kumapeto kwa chakuda chija, kanikizani kulowera ku chifuwa kenako finyani nkusiya finyani nkusiya, muzizungulira bere lonse. Masiku oyamba mutuluka tochepa musakhumudwe. Yambani kuyeserera kutatsala masabata awiri kuti muyambe ntchito. Ikani mu kabotolo kapena kakontena kotsuka bwino kowiritsa kokhala ndi chivindikiro. Panja pa filiji maola 4, mu filiji mkatikati osati pa chitseko masiku 4, mu filiza miyezi 6. Kuntchito finyani kawiri, apempheni madamu kakona ka filiji, pobwera muike mu kachikwama kozizira kokhala ndi ayisi. Wosunga mwana azitenthetsa poviika botolo mmadzi ofunda osati pa moto kapena mu maikulowevu, ndipo amwetse ndi kakapu kakang'ono, olo wakhanda amatha kumwera kapu. Usiku ndi mmawa musananyamuke bere mmene akufunira. Ndipo inuyo amene mwadwala kale bere, tsiku lonse osafinya zibwereranso

Make Prince: nanga magetsi akathima? kwathu ku Diepsloot transifoma ikaphulika ndi sabata

Nambewe: Filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira maola 4. Wa mu filiza ngati mukadali timiyala ta ayisi ulibwino, ukasungunukiratu koma ukadali wozizira mwana amwe mkati mwa maola 24 osaubwezeranso. Kopanda magetsi ofinya amwe mkati mwa maola 4 aja

Nangozo: Ndipo mulembe dzina pa botolo ngati filiji ndi ya nyumba yonse. Ife ku Yeoville tinali mabanja anayi filiji imodzi, mnyamata wina wa ku Mzimba anathira wanga mu tiyi nkumadandaula kuti mkaka wa masiku ano ndi wamadzimadzi

Make Favour: 😂😂😂 a Nangozo mwandidzutsira mwana

Admin Nabanda: Amayi wina wandilembera kumbali sakufuna dzina lake lioneke, ndikuika mmene walembera. "Ndili pa ma ARV kuyambira ndili kumudzi, mwana ali ndi mwezi, ndikuyamwitsa koma mtima suli mmalo. Mchemwali wanga akuti kuno anthu ngati ife amapatsidwa mkaka wa mchitini ulere nde ndisiye bere. Komanso nsonga yang'ambika ikutuluka timagazi. Kodi sindimupatsira?"

Nambewe: Mayi amene mwalemba, mwachita bwino kufunsa. Za mkaka waulerezo nzakale, boma la kuno linasintha mu 2011 pa msonkhano wa ku Tshwane, anaona kuti ana ambiri a botolo amafa ndi kutsegula mmimba ndi chibayo, nde anasiya kugawa chitini kupatula dokotala akalemba pa chifukwa chapadera. Chaka chomwecho kwathu ku Malawi ndi komwe kunayambira Option B+, yoti mayi wapakati kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ka HIV ayambe mankhwala pompo moyo wonse, maiko ena anatengera kwa ife. Nkhani yagona pa viral load, kuchuluka kwa kachilombo mmagazi. Ngati mukumwa tsiku lililonse osadumphitsa ndipo magazi akuonetsa kuti kachilombo kagona, mwayi wopatsira mwana ndi wochepa kwambiri. Mwananso amakhala pa Nevirapine wa madzi uja masabata 6 oyamba, ena amapitiriza malinga ndi zotsatira zanu, ndipo amamuyeza pobadwa, pa masabata 10, pa miyezi 6, pa miyezi 18 komanso mukadzamuletsa kuyamwa. Choopsa ndi kusakaniza, lero bere mawa chitini mkucha phala mwana asanakwane miyezi 6. Za nsonga yotuluka magaziyo musadikire tsiku la sikelo pitani mawa, pakali pano bere limenelo muzifinya nkutaya kuti lisatupe mwana ayamwe linalo mpaka anesi aone. Ndipo enanu omwe munapezeka mulibe nthawi ya mimba, kuno amati muziyezetsabe miyezi 3 iliyonse nthawi yonse yoyamwitsa, chifukwa kachilombo kongolowa kumene ndi komwe kamadutsa msanga mu mkaka

Nachisale: Komanso wochokera kumudzi ndi mabotolo ake asadikire athe kapena kumadalira a basi amubweretsere, akalembetse konkuno mankhwala ndi aulere

Make Prince: poti tafika pa azibambo, nkhani ya kumphasa ija timayamba liti? wanga akuti masabata 6 akwana koma mayi anga akuti mpaka miyambo ichitike mwana angatsemphedwe, nde miyambo yake achite ndani kuno

Agogo Naphiri: Nkhani imeneyo siyapagulu mwana iwe, undiimbire

Nangozo: kkkk agogo atseka fayilo

Nambewe: Za miyambo ndiwasiyira agogo. Za thupi, dikirani magazi asiye, omwe amatha kutenga mpaka masabata 6, ulusi upole ndipo inuyo mukhale mwakonzeka osati iye yekha. Koma kulera kambiranani pa sikelo ya masabata 6 pomwe mwana akukabaya katemera. Zoti woyamwitsa satenga mimba zimagwira pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi, mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo simunayambe kusamba. Amene mukubwerera ku ntchito musadalire zimenezo. Jekeseni wa miyezi 2 kapena 3, ka pamkono ka zaka 3, lupu, zonse sizivuta mkaka

Make Blessings: Ine ndimangowerenga sindilemba. Wanga ali ndi miyezi iwiri, ndinachira ndi opaleshoni. Bala linapola koma ine ndimangolira tsiku lonse sindikudziwa chifukwa, mwana akagona ine tulo osabwera, chakudya sichikoma, nthawi zina akalira ndimangomuyang'ana osamva kalikonse kenako ndimadziona ngati mayi oipa. Chipinda chathu ndi chimodzi ku Cosmo City bambo akapita ndimakhala ndekha mpaka usiku. Ndinawauza mayi anga akuti ndizipemphera ndisamadzimvere chisoni mwana ndi mdalitso

Nachisale: Make Blessings simuli mayi oipa, mayi oipa sakanalemba zimenezi

Nambewe: Zikomo polankhula. Kulira masiku oyamba kumachitikira ambiri ndipo kumatha pasanathe masabata awiri, koma zikafika miyezi iwiri ndi kusagona ndi kusadya amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pochira, ndi matenda enieni ndipo amachizika, alipo mankhwala omwe woyamwitsa amamwa. Kupemphera musasiye koma ku kiliniki mukanene ndendende mmene mwalembera apa, olo kungowaonetsa anesi uthengawu wina awamasulire. Ngati angabwere maganizo odzipweteka kapena kupweteka mwana musadikire kuche, imbani SADAG, bungwe lothandiza pa matenda a maganizo, pa 0800 567 567 ndi yaulere, kapena 112 pa foni ya mmanja iliyonse. Kodi maganizo otero anabwerapo? mukhoza kundiyankha kumbali

Make Blessings: ndakulemberani

Admin Nabanda: A Nambewe mukamaliza mutilembere zizindikiro zoopsa zija ndizipine pamwamba

Nambewe: Kwa mayi, magazi odzadza padi mu ola limodzi kapena zimagulu zikuluzikulu, zotuluka zonunkha ndi kutentha thupi, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi chifukwa BP imatha kukwera olo mutachira kale, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa pa katumba, kubanika, bala la opaleshoni kutuluka mafinya. Kwa mwana, kukana kuyamwa, kutentha kufika 38 kapena kuzizira kwambiri makamaka June ndi July muno mzipinda zathu za malatazi, kupuma mothamanga nthiti zikulowa, kukomoka, mchombo kufiira nkumanunkha, chikasu chofika mmanja ndi kumapazi. Zimenezi si zofunsa pa gulu, nyamukani. Ku chipatala cha Rahima Moosa, Charlotte Maxeke, Bara, Tembisa, komwe muli pafupi

Agogo Naphiri: Ine za mankhwala sindidziwa koma mwana wa ku Cosmo uyo asakhale yekha. Loweruka ndikupita, ndikamuphikira nkumusambitsira mwana iye agone. Ali ndi usipa kapena ufa wa kondowole andipatsire

Nangozo: Ine ndili ndi nsinjiro zabwera sabata yatha. Agogo takisi za Cosmo mukwerere pa Bree osati pa MTN, tikumane pamenepo 9 koloko ndipita nanu

Make Prince: ine Loweruka ndili ku ntchito, ndiikeni Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi